Lipoti la nkhani: kupukwa ndi kuthawa usilikali pa msasa wa Falmouth, Virginia, 1862 mpaka 1863

Chidule

Lipotili likufotokoza zomwe zinagwera gulu lankhondo la Army of the Potomac, la boma la United States, pa miyezi imene linakhala pa msasa ku Falmouth m'chigawo cha Virginia, kuyambira Disembala 1862 mpaka kumapeto kwa Epulo 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili pakati. Lalembedwera amene amasamalira umoyo wa asilikali: madokotala, anamwino, aphungu a zamaganizo, abusa a m'magulu ankhondo, ndiponso oyang'anira chakudya ndi malipiro. Wodwala wathu ndi gulu lonse la amuna oposa 100,000. Vuto lake linali kupukwa kwawo, kumene madokotala a nthawi imeneyo ankakulemba m'kaundula wa matenda ndi dzina loti nostalgia. Chimene nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti kupukwa kunakula pamodzi ndi m'mimba mowonongeka, malipiro ochedwa ndi masiku opanda chochita, ndipo kunachepa pamene akuluakulu anakonza buledi, zimbudzi ndi tchuthi.

Mmene zinthu zinafikira pamenepa

Pa 13 Disembala 1862 Jenerale Ambrose Burnside, mkulu wa gululi, anatumiza asilikali ake, gulu ndi gulu, kukalimbana ndi adani a Confederate, asilikali a madera a kummwera opandukira boma, amene anabisala kuseri kwa mpanda wa miyala m'tsinde mwa Marye's Heights, kuseri kwa tauni ya Fredericksburg. Palibe gulu linafika pampandapo. Ophedwa, ovulala ndi osowa a mbali ya Union, ndiye kuti ya boma la United States, anakwana pafupifupi 12,600, pomwe a Jenerale Robert E. Lee, mkulu wa adaniwo, anataya ochepera theka la nambala imeneyi. Patapita masiku awiri gululo linawolokanso mtsinje wa Rappahannock, umene uli pakati pa Fredericksburg ndi msasawo, usiku n'kubwerera ku Falmouth.

Pa 20 Januwale 1863 a Burnside anayesanso, kufuna kuwolokera kumtunda kwa mtsinje. Mvula inayamba usiku womwewo ndipo sinakate msanga. Mizinga ndi ngolo zonyamula zipangizo za milatho zinatitimira m'matope, akavalo ndi nyulu zinafera m'magoli, ndipo patatha masiku ochepa asilikali anabwerera pa msasa osaomba mfuti. Ena anapeza nyumba zawo zitadzaza madzi, popeza pochoka anasasula matenti amene anali denga.

Onjezerani zina ziwiri. Marejimenti ambiri (rejimenti ndi gulu la makampani angapo a asilikali) anali asanalipidwe kwa miyezi ingapo, ena mpaka isanu ndi umodzi. Ndipo chilengezo cha Pulezidenti Abraham Lincoln chomasula akapolo, chimene chinayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale, chinagawa maganizo m'misasa: ena anachilandira, ena ankati sizimene analembera usilikali.

Tsiku la msilikali wamba

Nyumba. Msilikali aliyense ankapatsidwa theka la tenti, chinsalu chokhala ndi mabatani cholumikiza ndi cha mnzake. M'chisanu amuna atatu kapena anayi ankasanja mitengo ya paini kufika m'chiuno kapena pachifuwa, kumata mipata ndi dothi, n'kufolera ndi zinsalu zija. Chumuni chinali cha timitengo tomata ndi matope, pamwamba n'kuikapo mgolo wopanda matako woti uzikoka utsi. Dothi likauma n'kugwa, mgolowo unkagwira moto. Ambiri ankakumba pansi pa nyumba kuti alowe m'nthaka pothawa mphepo, ndipo apa ndi pamene panali cholakwa chachikulu: madzi ankadikha, mpweya sunkayenda, zofunda sizinkauma, ndipo mmodzi akayamba chifuwa kapena kutsegula m'mimba onse ankatsatira. Nkhuni poyamba zinali pakhomo. Pofika Febuluwale nkhalango za dera la Stafford, kumene kuli Falmouth, zinali zitatha, amuna akuyenda mtunda wautali kukasenza mitengo, ena akuzula ndi zitsa zomwe.

Ndandanda. Lipenga kapena ng'oma inkawadzutsa m'bandakucha kukaitanidwa mayina. Kenako chakudya cham'mawa, kuitana odwala kwa dokotala wa rejimenti, kusinthana alonda, kuguba, chakudya chamasana, kugubanso, perete dzuwa likamalowa, kuitananso mayina usiku, ndi lipenga lozimitsa nyali. Papepala tsikuli likuoneka lodzaza. Koma kukagwa mvula kapena chipale chofewa kuguba kunkalephereka, ndipo munthu ankaswera m'kanyumba ka utsi akupha nsabwe, akutchova makhadi, kapena akungoyang'ana kudenga.

Chakudya. Malamulo ankapatsa msilikali mmodzi pa tsiku magalamu pafupifupi 340 a nyama ya nkhumba yamchere kapena 570 a nyama ya ng'ombe, ndiponso magalamu pafupifupi 620 a buledi wofewa kapena ufa wa tirigu, kapena 450 a mabisiketi ouma. Pa amuna 100 alionse pankabwera mapaundi 15 a nyemba, 10 a mpunga, 8 a khofi wokazinga, 15 a shuga, kuphatikizapo viniga, mchere, sopo ndi makandulo. Mlingo umenewu sunali wochepa, ndipo nkhokwe za pa doko la Aquia Landing, pamene njanji yopita ku Falmouth inkayambira, zinali ndi katundu. Vuto linali loti zakudya zaziwisi sizinkafika m'mbale ya msilikali wamba. Chimene chinkafika mosaphonya ndi nyama yamchere, khofi ndi mabisiketi, pafupifupi khumi pa tsiku, a ufa ndi madzi okha, olimba ngati njerwa, nthawi zina ofumbwa kapena a nkhungu. Ankawaswa ndi chitako cha mfuti, kuwaviika m'madzi, n'kuwakazinga m'mafuta a nkhumba. M'makampani ambiri aliyense ankadziphikira, ndipo ambiri anali anyamata amene kwawo anali asanagwirepo mphika. Munthu akadya zokazinga zokhazokha milungu yambiri popanda ndiwo zamasamba, mapeto ake ndi kutsegula m'mimba kosatha ndi chiseyeye. Zonse ziwiri zinalipo pa Falmouth.

Ulonda. Magulu ankasinthana kukalondera m'mphepete mwa Rappahannock, kawirikawiri kwa masiku angapo, adani ali kutsidya poonekera. Pamalo ena alonda a mbali ziwirizi ankagwirizana kusaomberana, ndipo ankatumizirana timabwato tosema: khofi ndi shuga kupita kummwera, fodya ndi manyuzipepala kubwera kumpoto. Akuluakulu ankaletsa, koma zinkachitikabe. Kwa munthu amene mtima uli kale kumudzi, kucheza ndi mdani yemwenso akudandaula za mkazi ndi ana ake kunkangowonjezera funso loti tikuvutikiranji.

Makalata ndi ndalama. Apa pafunika kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene kumudzi kunkalowera mu msasa. Kutumiza kalata kunali masenti atatu, ndipo wopanda sitampa ankatha kulemba pa envelopu kuti ndi kalata ya msilikali, mkulu wake n'kusainira, wolandira n'kukalipira kumeneko. Mabungwe a United States Christian Commission ndi United States Sanitary Commission ankathandiza ndi mapepala, maenvelopu, zovala ndi zakudya za odwala. Amuna ambiri a gululi ankadziwa kulemba, choncho thumba la makalata likafika msasa wonse unkathamangirako. Komabe kalata ndi mankhwala okhala ndi mbali ziwiri. Msilikali wamba ankalandira madola 13 pa mwezi, oyenera kuperekedwa pa miyezi iwiri iliyonse, ndipo mabanja ambiri ankadalira ndalama imeneyo. Malipiro akaima, makalata ankasintha mawu: ufa watha, mwininyumba akufuna lendi, mwana akudwala, ng'ombe tagulitsa. Mwamuna wowerenga zimenezi alibe kobiri m'thumba sankapukwa chabe, ankadziona ngati wataya banja lake. Achibale ena anafika poika zovala wamba m'mabokosi otumiza ku msasa kuti mwana wawo avule yunifolomu athawe.

Zizindikiro ndi zimene kaundula amanena

Dokotala wa asilikali DeWitt C. Peters, polemba kumayambiriro kwa 1863, anafotokoza mmene matendawa ankayendera, makamaka mwa anyamata aang'ono. Ankayamba ndi kukhumudwa kwambiri, kusafuna kudya, kusalabadira zochitika pafupi, m'mimba mosayenda bwino ndi kutentha thupi pang'ono. Akakula pankabwera kulira kosaletseka, mutu wopweteka, kusowa tulo, kukodzera pogona ndi kuwonda. Wogwira ntchito za umoyo lero akawerenga mndandanda umenewu aona zinthu zingapo zitasakanikirana: matenda a kukhumudwa, mantha otsalira pambuyo pa zoopsa ngati za ku Fredericksburg, kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndiponso taifodi imene ikungoyamba kumene. Madokotala a nthawiyo analibe njira yozisiyanitsira. Kachilombo koyambitsa taifodi kanadziwika mu 1880.

M'kaundula wa asilikali a Union, kuyambira 1861 mpaka 1866, munalembedwa odwala nostalgia 5,213 ndi imfa 58 pakati pa azungu, komanso odwala 334 ndi imfa 16 pakati pa asilikali akuda. Nambala zimenezi n'zazing'ono kwambiri tikaziika pafupi ndi kutsegula m'mimba ndi kamwazi, zimene zinalembedwa maulendo oposa 1.7 miliyoni n'kupha anthu oposa 44,000. Kuchepako kusatinamize. Dokotala ankalemba dzina limodzi pa wodwala mmodzi, ndipo munthu wopukwa amene akutsegulanso m'mimba ankalowa pa mzere wa m'mimba. Chinanso, dzinali linali lochititsa manyazi, moti mwamuna wamkulu sankapita pa mzere wa odwala kukanena kuti walakalaka mayi ake.

Muyeso wabwino wa kukula kwa vutoli pa Falmouth ndi mapazi. Kumapeto kwa Januwale amuna pafupifupi 200 ankathawa tsiku lililonse. Mkulu watsopano wa gululi, Jenerale Joseph Hooker, atalamula kuti awerenge, anapeza kuti akuluakulu ndi asilikali wamba pafupifupi 85,000 sanali pa malo awo. Nambalayi ikuphatikiza odwala m'zipatala zakutali ndi otumidwa ntchito zina, choncho si onse anathawa, koma ambiri mwa iwo palibe ankadziwa kumene ali.

Zimene zinachitidwa

Jenerale Joseph Hooker anatenga utsogoleri pa 26 Januwale 1863. Mkulu wa zachipatala wa gululi anali Dokotala Jonathan Letterman, amene anali pa udindowu kuyambira Julaye 1862. Zambiri zimene zinachitika a Letterman anali atazipempha kale. Chatsopano chinali mkulu wankhondo wozisandutsa lamulo ndi kutumiza anthu kukaona ngati zikutsatidwa.

Choyamba chinali tchuthi. Lamulo la kumapeto kwa Januwale linalola amuna awiri pa 100 alionse amene ali pa ntchito kupita kwawo kwa masiku khumi, ndipo ochokera kutali, monga ku Maine kapena ku Michigan, masiku 15. Awiri pa 100 ndi ochepa, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta: kampani ya amuna 50 ikatumiza mmodzi pa masiku khumi alionse, m'miyezi itatu opita sakwana khumi. Mphamvu ya lamuloli inali pena. Munthu tsopano anali ndi mzere woti adikirepo, ndipo njira yopita kwawo inadzera pa khalidwe labwino. Wopita akachedwa kubwerera ankatsekera anzake mwayi, choncho anzake omwewo ndi amene ankamukumbutsa tsiku. Wobwerayo ankabwera ndi nkhani, makalata ndi timaphukusi ta anthu a dera limodzi, popeza makampani ambiri ankalembedwa m'tauni imodzi kapena m'chigawo chimodzi. Mu Malichi anawonjezera kuti rejimenti yopezeka yaukhondo ndi yadongosolo poyendera ilandire malo ambiri a tchuthi, yopezeka yauve imanidwe.

Chachiwiri chinali chakudya. Lamulo la kumayambiriro kwa Febuluwale linati buledi wofewa kapena ufa uziperekedwa kosachepera kanayi pa sabata, mbatatesi kapena anyezi kawiri pa sabata ngati zapezeka, ndi masamba ouma kamodzi. Anamanga mauvuni m'misasa. Mfundo imene inapatsa lamuloli mano ndi iyi: woyang'anira chakudya akalephera kupereka zimenezi ankayenera kuonetsa umboni wolembedwa woti kunkhokwe kunalibe. Izi zinatseka njira imene zakudya zaziwisi zinkasowera pakati pa doko ndi msasa. Anakankhiranso kuti kuphika kuzichitika pa kampani, ndi ophika osankhidwa, m'malo moti aliyense azikazinga zake.

Chachitatu chinali ukhondo: kukumba zimbudzi zazitali kutali ndi madzi akumwa ndi kuthiramo dothi tsiku ndi tsiku, kukwirira kapena kutentha zinyalala za kukhitchini ndi nyama zakufa, kuyanika zofunda, kusamba, kumeta tsitsi, ndi kusamutsa misasa imene nthaka yake inali itaipa. A Letterman ankadana kwambiri ndi nyumba zokumba pansi zija.

Malipiro nawo anayamba kufika. Pakati pa Januwale nyumba ya malamulo inavomereza kusindikiza madola 100 miliyoni a mapepala olipirira asilikali a pamtunda ndi a panyanja, ndipo olipira anayamba kuzungulira m'misasa. Ili silinali dzanja la a Hooker, ngakhale asilikali ambiri anawathokoza iwo.

Panalinso ntchito yodzaza tsiku ndi yobwezera ulemu. Kuguba ndi kuyendera zinabwerera mwamphamvu nyengo ikalola, ndipo asilikali a pa akavalo anaikidwa m'gulu limodzi n'kuyamba kutumidwa kukachita zenizeni. Mu Malichi, pa maganizo a Jenerale Daniel Butterfield, Corps iliyonse (gawo lalikulu la gululi, la marejimenti ambiri) inalandira baji yakeyake yosokerera pa chipewa: First Corps chozungulira, Second Corps tsamba la nthambi zitatu, Third Corps dayamondi, Eleventh Corps mwezi wongokhala kumene, Twelfth Corps nyenyezi. Mtundu wa baji, wofiira, woyera kapena wabuluu, unkasonyeza chigawo cha munthuyo m'kati mwa Corps. Cholinga china chinali choti wotsalira pa ulendo azidziwika kuti ngwa gulu liti, koma amuna anaikonda bajiyo n'kuyamba kuijambula pa ngolo ndi pa matenti.

Ndodo inaliponso. Alonda anawonjezeredwa m'njira zopita ku mtsinje wa Potomac, umene othawa ankawoloka polowera kumpoto, mabokosi ochokera kumudzi ankatsegulidwa kuti achotsemo zovala wamba, ndipo mayina a osowa analembedwa kuti awafunefune. Pa 10 Malichi a Lincoln analengeza kuti aliyense wosowa popanda chilolezo amene abwerere pofika pa 1 Epulo sadzalangidwa, kupatula kutaya malipiro a masiku amene kunalibe.

Zotsatira ndi kuwunika kwake

M'mwezi wa Febuluwale wokha, odwala m'mimba anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, a taifodi ndi kupitirira gawo limodzi mwa anayi, ndipo chiseyeye chinangotsala pang'ono kutheratu. Kuthawa kunachepa kwambiri, ambiri osowa anabwerera, ndipo pamene a Lincoln anabwera kudzayendera gululi kumayambiriro kwa Epulo anapeza asilikali ovala bwino ndi oguba mwadongosolo. Kumapeto kwa mweziwo gululi linanyamuka ndi amuna oposa 130,000.

Pakuwunika, tiyenera kusamala. Njira zonsezi zinayamba m'miyezi pafupifupi iwiri yomweyo, ndipo chisanu chinkathanso, choncho palibe angaloze njira imodzi n'kunena kuti iyi ndiyo inachiza. Komabe mmene zinayenderana n'zomveka kwa aliyense amene wasamalirapo odwala. Munthu wotsegula m'mimba sagona, safuna kudya, ndipo amadzipatula kwa anzake. Akagona yekha maganizo amathawira kwawo. Akapukwa amasiya kudya ndi kudzisamalira, m'mimba n'kuipiraipira. Ukadula mkomberowu pamalo alionse, mbali zina zimapepukanso. Kuona kwanga n'kwakuti tchuthi ndi malipiro ndi zimene zinagwira pa kuthawa, pomwe buledi, anyezi ndi zimbudzi zinagwira pa mzere wa odwala, ndipo kupukwa kunali pakati pa ziwirizi.

Dokotala J. Theodore Calhoun, wa m'chigawo chachiwiri cha Third Corps, anakamba za matendawa pamaso pa madokotala anzake kumayambiriro kwa 1864. Zina zimene anaona n'zothandiza mpaka lero. Anati kupukwa kumapezeka kawirikawiri ngati chowonjezera pa matenda ena, ndipo kumasandutsa matenda ochizika kukhala akupha. Anati anyamata a kumidzi ankagwa msanga kuposa a m'tauni, amene anazolowera kale kudya ndi kugona pakati pa alendo. Chitsanzo chake chinali rejimenti ya 120th New York, yolembedwa mu 1862 m'madera a Ulster ndi Greene, imene inataya amuna ambiri ndi matenda pa msasa kuposa marejimenti oyandikana nayo amene ankamwa madzi omwewo.

Pa mankhwala ndi pamene tisiyana nawo. A Calhoun ankakhulupirira kuti wodwala angathe kusekedwa ndi anzake mpaka atasiya, kapena kukumbutsidwa kuti ndi mwamuna, ndipo kuti mankhwala oposa onse ndi ulendo wankhondo ndi nkhondo yeniyeniyo. Umboni wawo unali woti rejimenti ija itamenya nawo nkhondo ya Chancellorsville, kumayambiriro kwa Meyi 1863, umoyo wake unasintha. Koma pofika Meyi amuna amenewo anali atadya buledi ndi mbatatesi kwa miyezi itatu, atalipidwa, atachoka m'nyumba zonyowa ndi pa zimbudzi zodzaza, ndipo ofooka kwambiri anali atamwalira kale kapena kuchotsedwa usilikali. Kuchoka pa msasa woipa pakokha kumachepetsa taifodi ndi kamwazi, kaya kutsogolo kuli nkhondo kaya kulibe. N'zoona kuti kuyenda ndi kugwira ntchito limodzi kumamanga amuna kukhala gulu, ndipo mbali imeneyo a Calhoun anaiona bwino. Kuseka wodwala n'kwina: kumachotsa dzina lake m'kaundula, munthuyo n'kukhalabe mmene analili, kungoti tsopano sabweranso kwa dokotala.

Pali malire ena awiri pa nkhaniyi. Tchuthi chinagwira ntchito chifukwa gululi linali pafupi ndi Washington, pa njanji ndi pa sitima zapamadzi, moti munthu wa ku New York kapena ku Pennsylvania ankatha kufika kwawo ndi kubwerera m'masiku khumi. Asilikali a a Lee kutsidya kwa mtsinje, amene ankalandira madola 11 a ndalama yotha mphamvu ndipo chakudya chawo chinali chitadulidwa, analibe nkhokwe ngati ya Aquia Landing yoti mkulu wabwino aitsegule. Chachiwiri, kukonza umoyo sikunapambanitse nkhondo. A Hooker anagonja ku Chancellorsville, n'kutaya amuna pafupifupi 17,000, ndipo m'miyezi ya Meyi ndi Juni marejimenti ambiri amene analembera zaka ziwiri kapena miyezi isanu ndi inayi anamaliza nthawi yawo n'kupita kwawo. Pa 28 Juni utsogoleri unapita kwa Jenerale George Meade, patatsala masiku atatu kuti nkhondo ya Gettysburg iyambe. M'miyezi yotsatira, gululi litayamba kulandira amuna olembedwa mokakamiza ndi olowa m'malo mwa ena chifukwa cha ndalama, kuthawa kunakweranso, ndipo akuluakulu anayamba kuwombera othawa pamaso pa anzawo.